Khosi Likamawawa Mobwerezabwereza: Chizindikiro, Choyambitsa ndi Chochita

Kuwawa kwa khosi kumakonda kubwerera. Munthu amamwa Panado, ululu n'kuzizira, koma pakatha milungu iwiri kapena itatu mumuonanso akutembenuka ndi thupi lonse wina akamuitana. Kawirikawiri mankhwala aja amangogonetsa ululu pamene chopweteka khosicho chikadali pomwepo: pilo yemweyo, kaweramidwe komweko pa foni, chigubu chomwecho pamutu m'mawa uliwonse.

M'khosi muli timafupa 7 tosanjikizana, ndipo pakati pake pali timadisiki tofewa toteteza kuti mafupawo asakhulane. Mkati mwa timafupati mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo kutsikira kumsana, nthambi zake n'kumatulukira m'mbali kupita m'manja. Pamwamba pa zonsezi pali mutu wolemera pafupifupi makilogalamu 5, umene minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imaugwiriziza kuyambira m'mawa mpaka pogona. Ululu wambiri umachokera m'minofu ndi m'timfundo timeneti, ndipo umatha pa masiku kapena milungu yochepa. Pezani chizindikiro chanu m'munsimu. Zoyambitsa zalembedwa kuyambira chofala kwambiri.

Izi sizodikira: pitani kuchipatala tsopano

- thupi latentha, mutu ukuwawa kwambiri, chibwano sichikufika pachifuwa
- mutu wawawa mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo chibadwire
- pakamwa papotoka, mawu sakumveka, dzanja kapena mwendo wafooka
- pachifuwa pakupanikiza, ululu ukukwera kukhosi, kunsagwada kapena m'dzanja, thukuta lili kamukamu
- mwagwa kapena mwachita ngozi ndipo mukumva dzanzi
- mkodzo kapena chimbudzi chikutuluka chokha, kapena mkodzo wakanika

1. Mwadzuka khosi litauma, silikutembenukira mbali imodzi

Zoyambitsa:

- Kagonedwe. Mapilo awiri, pilo wouma wamtali, kugona chafufumimba nkhope itapindikira mbali imodzi usiku wonse, kusinza pa sofa, kapena kuwodzera m'basi kuchokera pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka mpaka ku Chipata mutu ukulendewera.
- Ntchito ya dzulo imene thupi silinaizolowere, monga kupenta denga, kusamutsa katundu, kulima tsiku lonse.
- Mankhwala ena. Metoclopramide woletsa kusanza ndi haloperidol amatha kupotoza khosi, lilime kapena maso patangopita maola kapena masiku ochepa munthu atayamba kumwa, makamaka ana ndi achinyamata. Zikatero tengani paketi yake mupite nayo kuchipatala, kuli jakisoni womasula msanga.

Ambiri amanena kuti ndi mphepo ya June kapena fani ya mu October. Kuzizira kumachititsadi munthu kukwinyira mapewa m'mwamba, koma yambani mwayang'ana pilo.

Dziyeseni: thupi silinatenthe, mukutha kuweramitsa mutu ndithu ngakhale pang'onopang'ono, ndipo ululu uli mbali imodzi pamnofu umene mungaukhudze ndi chala. Zikakhala choncho ndi minofu.

Chochita: thowani ndi thaulo loviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15 mpaka 20, katatu kapena kanayi patsiku. Madziwo asakhale owotcha khungu, ndipo odwala shuga ayese kaye ndi chigongono. Mukatha kuthowa, tembenuzani mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere mpaka pamene ululu wayambira, osapitirira. Musagone tsiku lonse. Khosi losayendetsedwa limaumiratu, n'chifukwa chake kolala yapakhosi imene ena amagula ku famase siyothandiza pa vuto ili. Ambiri amapeza bwino pasanathe mlungu. Usiku gonani chagada kapena chammbali ndi pilo mmodzi wodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa, kuti mutu usapendekere m'mwamba kapena pansi. Ngati pilo ndi wopyapyala, pindani thaulo laling'ono muliike pansi pa khosi.

2. M'mawa muli bwino, koma pofika madzulo mapewa alemera ndipo ululu wakwera mpaka kunkhongo

Apa ndi pamene pali anthu ambiri, ndipo ndi mtundu umene umabwerera kwambiri chifukwa choyambitsa chake ndi ntchito imene munthu amadyera.

Zoyambitsa:

- Kuwerama nthawi yaitali osasintha
- Kusenza kapena kukoleka katundu paphewa limodzi
- Nkhawa ndi kusagona mokwanira
- Maso osaona bwino
- Kutha kwa timfundo chifukwa cha ukalamba

*Kuwerama.* Mu 2014 dokotala wa msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengetsa mphamvu imene khosi limanyamula mutu ukamawerama. Mutu ukapendekera kutsogolo madigiri 30, khosi limamva ngati makilogalamu 18. Pa madigiri 60, mmene ambiri timaweramira foni itakhala pamiyendo, limamva ngati makilogalamu 27, kuposa thumba la ufa la makilogalamu 25. Kuwerama kwa mphindi zingapo sikuwononga kanthu. Chimene chimatopetsa minofu ndi maola osasuntha. Ganizirani mtsikana wa mu buthu ya mobile money amene amatha tsiku maso ali pa mafoni atatu, telala wa ku Kamwala pa makina ake, woluka tsitsi, dalaivala amene waima pamzere wa magalimoto mu Great East Road, ndi wa mu ofesi amene laputopu yake ili pansi kwambiri.

Dziyeseni: kodi tsiku limene simunapite kuntchito khosi limapepuka? Ngati inde, mwachipeza.

Kukonza kwake sikufuna ndalama zambiri. Kwezani foni ifike kufupi ndi maso, zigongono zitatsamira patebulo. Laputopu muiike pamwamba pa mabuku kuti m'mphepete mwake mwa m'mwamba mulingane ndi maso, ndipo ngati mungakwanitse gulani kiyibodi yapadera. Musapanikize foni pakati pa khutu ndi phewa uku mukulemba. Dalaivala asendeze mpando kuti asamachite kutambasula manja pogwira chiwongolero. Chofunika kuposa zonsezi ndi kudzuka: pakatha mphindi 30 zilizonse imirirani, ngakhale kwa mphindi imodzi. Ndikudziwa kuti woluka tsitsi amene kasitomala wake akuthamangira ukwati adzaseka malangizo amenewa. Komabe angathe kukhazika kasitomala pampando wokwera kapena wotsika kuti mutu ukhale pamlingo wa chifuwa chake, n'kumawongoka akamaliza mzere uliwonse. Nayenso wolukidwayo adziwe kuti zoluka zazitali zolemera ndi zomanga kwambiri zimakoka khosi kwa masiku.

Zolimbitsa khosi, kawiri kapena katatu patsiku:

- Mutakhala mowongoka, kokerani chibwano m'mbuyo osawerama. Gwirani masekondi 5, mubwereze ka 10.
- Kokerani mapewa m'mbuyo ndi pansi kuti mafupa a kumsana kwa mapewa ayandikane. Masekondi 5, ka 10.
- Pendeketsani khutu kulowera kuphewa mpaka mumve kukoka pang'ono. Masekondi 20 mbali iliyonse.

Pamatenga milungu ingapo kuti phindu lioneke, ndipo ambiri amasiya tsiku limene ululu wachepa. Ubwerera.

*Kusenza.* Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20. M'makomboni ngati Kanyama ndi Chawama, kumene madzi amakatungidwa pa kiyosiki, mayi amatha kusenza chigubu chotere maulendo angapo dzuwa lisanakwere, kenako n'kukasenza dengu la tomato kumsika wa Soweto. Nkhata imateteza pamutu koma sichepetsa kulemera. Nthawi yoopsa ndi yotwika ndi yotula, komanso munthu akapunthwa katundu ali pamutu. Pemphani wina akutwikeni ndi kukutulani, musatembenuze khosi katundu ali pamutu, ndipo pamene khosi likuwawa gwiritsani ntchito wilibala kapena gawani madzi m'zigubu ziwiri za malita 10, chimodzi dzanja lililonse. Mwana wa kupulayimale asasenze chigubu cha malita 20.

*Nkhawa.* Munthu woganiza za lendi ndi fizi amakweza mapewa ndi kuluma mano osadziwa. Ngati mukudzuka nsagwada zitatopa, kapena mutu ukumanga kuzungulira chipumi, yang'anani kumeneko. Kuyenda wapansi mphindi 30 patsiku ndi kugona pa nthawi kumathandiza kuposa mafuta opaka.

*Maso.* Ngati mumasuzumira kutsogolo kuti muwerenge, kayezetseni maso, makamaka ngati mwapitirira zaka 40.

*Ukalamba.* Anthu ambiri opitirira zaka 60 akajambulidwa X-ray amapezeka ndi timafupa ta m'khosi totha, ngakhale amene samva ululu. Choncho pepala lolembedwa spondylosis lisakuopseni. Chithandizo chake ndi chomwechi: kuyendetsa khosi, kulimbitsa minofu, kuthowa.

3. Kunkhongo kukuwawa ndipo aliyense akuti ndi BP

Zoyambitsa: minofu yomangika ya m'khosi, mutu wa nkhawa, mutu waching'alang'ala, ndipo kumapeto kwenikweni BP yokwera kwambiri.

BP yokwera nthawi zambiri siwawa paliponse. Anthu ambiri amayenda nayo zaka osamva kalikonse, pamene ena a nkhongo zowawa BP yawo ili bwinobwino. Chikhulupiriro chakuti nkhongo ndiyo imauza munthu za BP chimapweteka mbali ziwiri. Wina amamwa mapiritsi a mnzake wapafupi chifukwa nkhongo yawawa, wina amasiya ake chifukwa nkhongo yaleka. Njira ndi imodzi yokha, kuyezetsa pa kiliniki kapena ku famase mutakhala pansi mphindi 5. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa pa masiku osiyana, onanani ndi achipatala. Ikafika 180/120 ndipo mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, mukubanika kapena pachifuwa pakuwawa, musadikire mawa.

Dziwaninso kuti Brufen ndi diclofenac, amene ambiri amamwera nkhongo yomweyo, amatha kukweza BP.

4. Ululu ukutsikira m'dzanja, zala zikuchita dzanzi

Zoyambitsa:

- Minofu yomangika. Ululu wake ndi wophwanya, umathera paphewa kapena pamwamba pa mkono, wopanda dzanzi.
- Mtsempha wopanikizika m'khosi, chifukwa cha fupa lotha kapena disiki yotuluka pamalo pake. Ululu wake ndi wolasa kapena wotentha, umatsika kupitirira chigongono mpaka ku chala chachikulu, chapakati kapena chaching'ono malinga ndi mtsempha wake. Kutsokomola ndi kuyang'ana kumwamba kumauwonjezera, ndipo ambiri amapeza mpumulo akaika dzanjalo pamutu.
- Phewa lenilenilo. Kukweza mkono kapena kuvala malaya n'kowawa, koma khosi likutembenuka bwino.
- Mtsempha wopanikizika pamfundo ya dzanja. Dzanzi limadzutsa usiku ndipo limatha mukagwedeza dzanja. Limakonda amayi oyembekezera, odwala shuga ndi ogwira ntchito ya manja.
- Mashingozi. Ululu wotentha umayamba, patapita masiku ochepa matuza atuluka mbali imodzi yokha. Pitani msanga, mankhwala ake amagwira bwino m'masiku atatu oyamba, ndipo yezetsaninso HIV.

Dzanzi la m'mapazi onse awiri ndi m'manja onse awiri kawirikawiri silichokera m'khosi. Ganizirani shuga, mowa, kapena isoniazid wa TB, amene amafuna kumwera limodzi ndi vitamini B6.

Mtsempha wopanikizika umawawa koopsa, koma ambiri amachira pa milungu 6 mpaka 12 popanda opaleshoni. Kaonaneni ndi achipatala, pewani kusenza ndi kugwira ntchito manja ali m'mwamba, ndipo musalole munthu kukoka kapena kupotoza khosi.

Lekani kudzithandiza nokha ngati dzanja likufooka, zinthu zikugwa m'manja, mabatani akukanika kumanga, kalembedwe kasintha, kapena mukuyenda modzandira miyendo italimba. Izi zimasonyeza kuti mtsempha waukulu wa mumsana ukupanikizika, ndipo mphamvu yotayika chifukwa chochedwa sibwerera yonse.

5. Khosi lawawa pambuyo pa ngozi kapena kugwa

Chofala ndi kukokeka kwa minofu pamene minibasi yaima mwadzidzidzi kapena galimoto yagundidwa kumbuyo, mutu n'kuponyedwa kutsogolo ndi kumbuyo. Ululu umatha kuyamba patapita maola kapena mawa lake. Chosowa koma choopsa ndi kuthyoka kwa fupa.

Pamalo a ngozi, munthu amene akudandaula khosi, wakomoka kapena sakumva manja ndi miyendo asanyamulidwe chogwira manja ndi miyendo n'kumupinda m'galimoto. Chifundo chotere chapuwalitsa anthu amene akanachira. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri kuti usasunthe, wa njinga yamoto asavulidwe chisoti pokhapokha ngati sakupuma, ndipo itanani ambulansi. Ngati palibiretu njira ina, anthu angapo amugoneke pathabwa kapena chitseko, mutu ndi thupi zikusuntha pamodzi.

Pitani mukapimidwe tsiku lomwelo ngati muli ndi zaka 65 kapena kuposa, mwagwa kuchokera pamtunda woposa mita imodzi, galimoto inagubuduka kapena inali pa liwiro, pakati penipeni pa mafupa a kumbuyo kwa khosi pakuwawa mukakhudza, kapena mukumva dzanzi. Achipatala akatsimikiza kuti palibe chothyoka, yambani kuyendetsa khosi msanga. Pa masiku awiri oyamba chinthu chozizira chokulunga m'nsalu chimathandiza, kenako muzithowa.

6. Khosi lauma ndipo thupi latentha

Zoyambitsa: chimfine ndi zilonda zapakhosi, malungo, matenda oumitsa khosi, kafumbata.

Ngakhale ziwiri zoyambazo ndizo zofala, pano musadzipime nokha kunyumba. Malungo mumzinda wa Lusaka si ochuluka ngati ku Eastern Province kapena ku Luapula, choncho musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula Coartem. Yezetsani magazi, ndipo nenani ngati munayenda posachedwa.

Matenda oumitsa khosi amagwira timikuta tophimba ubongo. Wodwala amamva mutu woopsa, amadana ndi kuwala, amasanza, amasokonezeka kapena kugona mosadzutsika, ndipo mtundu woyambitsidwa ndi mabakiteriya umatha kupha pa tsiku limodzi. Khanda nthawi zambiri siliuma khosi: limakana kuyamwa, limalira mosatonthozeka kapena kulefuka, liwombo n'kutupa. Pali mtundu wina woyenda pang'onopang'ono, wa cryptococcus, umene umagwira anthu a HIV amene CD4 yawo (chitetezo cha m'thupi) yatsika kwambiri, makamaka amene sanayambe ma ARV kapena anasiya. Mutu umawawa mlungu ndi mlungu, thupi lingatenthe pang'ono chabe, khosi lingaume kapena ayi. TB nayo imafika ku ubongo mwa njira yomweyo.

Kuti adziwe mtundu wake, madokotala amatenga madzi a pamsana ndi singano. Mabanja ambiri kuno amakana, poti anamva kuti wakuti anamwalira atangomutenga madziwo. Amene amafunika kupimidwa motere amakhala atadwala kale kwambiri, ndipo chimene chimawapha ndi matendawo, makamaka akafika mochedwa. Popanda madziwo dokotala amangolota mankhwala. Pa cryptococcus kuchotsa madziko ndi chithandizonso, chifukwa kumachepetsa kupanikizika kwa m'mutu. Funsani mafunso onse amene muli nawo, koma musathawe naye wodwala.

Kafumbata amayamba ndi nsagwada zokanika kutseguka ndi khosi louma patapita masiku munthu atalasidwa ndi msomali kapena atachita bala lolowa dothi. Amenewa ndi ogonekedwa m'chipatala.

7. Pakhosi patuluka chotupa

- Mwanabere wa zilonda zapakhosi, dzino, khutu kapena zilonda za m'mutu. Amawawa, amasuntha, amaphwa pa milungu iwiri kapena itatu.
- TB ya m'mwanabere. Siwawa kwenikweni, imakula pang'onopang'ono, timatupa timagwirana, nthawi zina n'kuphulika. Thukuta la usiku ndi kuwonda zingakhalepo, chifuwa chingasowe. Mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma.
- HIV, makamaka ngati timatupa tili mbali zonse ziwiri, m'khwapa ndi m'mphechepeche.
- Chithokomiro. Chili kutsogolo ndipo chimakwera mukameza.
- Khansa. Chotupa cholimba, chosasuntha, chosawawa, nthawi zina ndi mawu osasa kapena kuvutika kumeza, makamaka kwa osuta ndi akumwa kwambiri.

Chotupa chimene chatha milungu itatu chisanaphwe chikaonedwe. Musachifinye, musachiteme mphini, ndipo musamwe amoxicillin wogula pa kantemba mobwerezabwereza mukudikira kuti chiphwe.

Za mankhwala, kwa akuluakulu

- Panado (paracetamol): mapiritsi awiri a 500 mg, pakadutsa maola 4 mpaka 6, osapitirira mapiritsi 8 pa maola 24. Mankhwala ambiri a chimfine alinso ndi paracetamol, muwawerengere limodzi. Akumwa mowa kwambiri ndi odwala chiwindi afunse kaye.
- Brufen: 400 mg mpaka katatu patsiku, mutadya, kwa masiku ochepa chabe.
- Brufen, diclofenac ndi Indocid ndi banja limodzi. Kuwaphatikiza sikuonjezera mphamvu, kumangoboola m'mimba ndi kuwononga impso.
- Musamwe a banja limeneli musanafunse ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena mtima, BP, mphumu, pakati, kapena mukumwa warfarin. Amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir asawamwe nthawi yaitali, chifukwa onse awiri amalemetsa impso.
- Mafuta opaka ngati Deep Heat kapena jelo ya diclofenac angathandize. Musathowe pamwamba pa Deep Heat, mungapse.

Kusisita mofatsa paminofu n'kwabwino. Kupotoza khosi mwamphamvu mpaka lilire, monga amachitira ometa ena akamaliza kumeta, kukaneni. Sikawirikawiri, koma kumatha kung'amba mtsempha wa magazi wopita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko ngakhale kwa wachinyamata. Kulira kwa khosi kodzichitikira kokha potembenuka, kopanda ululu, si matenda.

Mwachita zonsezi koma sizikusintha

Ululu ukatha milungu iwiri kapena itatu osachepako, kapena ukupitirira milungu 6, pitani kukiliniki ya kwanu. Musadikire n'komwe ngati ukukudzutsani usiku uliwonse mosasamala kagonedwe, mukuwonda, mumatuluka thukuta usiku, kapena munadwalapo khansa kapena TB, poti zimenezi zimatha kulowa m'mafupa a msana. Akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku chipatala chokulirapo, mu Lusaka ngati cha Matero, Chilenje, Chawama, Kanyama kapena cha m'komboni ya Chipata, ndipo zovuta kwambiri zimapita ku zipatala zazikulu za UTH kapena Levy Mwanawasa. Pemphani kuonana ndi a physiotherapy, ndiwo amaphunzitsa zolimbitsa khosi zogwirizana ndi ntchito yanu. Musakhumudwe akapanda kukujambulani, chifukwa X-ray imaonetsa mafupa okha, sionetsa minofu, mitsempha kapena madisiki. Popita tengani mapaketi a mankhwala onse amene mwamwa, a kuchipatala, ogula ndi azitsamba omwe, ndipo mukafotokoze ntchito imene mumagwira, nthawi imene ululu umakula, ndi chala chimene chimachita dzanzi.